Kampani yomwe inakula pogulitsa kamodzikamodzi

Fakitale yopanga marezisita siigulitsa kamodzi. Tizipangizo timeneti, tomwe tina sitikwana ngakhale milimita imodzi m'litali, timatuluka m'fakitale titandandalikidwa pa tepi yaitali yokulungidwa pa gudumu la pulasitiki, ndipo gudumu limodzi limanyamula tizipangizo 5,000 kapena 10,000. Kwa kampani yopanga mafoni kapena ma TV, zimenezi si vuto. Imagula magudumu mazanamazana, nkhani n'kuthera pomwepo.

Amene amaona zakuda ndi injiniya yemwe wangomaliza kujambula bolodi yatsopano ndipo akufuna kuona ngati iyake. Iye akufuna marezisita 12 a mtundu uwu, makapasita atatu a mtundu uwo, thiranzisita imodzi ndi IC imodzi. Zonsezo zimapangidwa ndi mafakitale osiyanasiyana, ena ku Japan, ena ku Taiwan, ena ku Germany, ndipo palibe fakitale imene ingataye nthawi kuyankha kalata ya munthu wofuna tinthu titatu. Pakati pa injiniyayu ndi mafakitalewo pamayenera kuima wina wololera kugula gudumu lonse, kulisunga pa shelefu, ndi kulidula pang'onopang'ono kwa aliyense amene wabwera. Kampani ya DigiKey ya ku America yakhala ikuchita zimenezi kwa zaka zoposa 50, ndipo mbiri yake ikutsutsa maganizo amene ambiri amangowameza, akuti munthu wogula n'kugulitsanso sawonjezera kanthu kupatula mtengo.

Kampaniyi ili ku Thief River Falls, tawuni ya anthu osakwana 9,000 kumpoto chakumadzulo kwa chigawo cha Minnesota. Kuchoka kumeneko kukafika mumzinda wa Minneapolis ndi makilomita pafupifupi 480, ndipo malire a Canada ndiwo ali pafupi kuposa mzindawo. M'mwezi wa Januwale kumazizira mpaka kudutsa madigiri 20 kunsi kwa ziro. Doko kulibe. Munthu wofunafuna malo oti amangepo likulu la malonda a dziko lonse lapansi sangaloze chala pamenepo.

Koma a Ronald Stordahl sanasankhe malowo poyang'ana mapu. Ndi kwawo. Ali pa yunivesite ya Minnesota, kumene anatenga digiri ya udokotala pa uinjiniya wa zamagetsi, ankakonda kulankhulana ndi anzawo akutali pa mawayilesi apanyumba, ndipo anapanga kachipangizo kothandiza kutumiza mauthenga a Morse. Anakatcha Digi-Keyer, n'kumakagulitsa monga phukusi la tizipangizo toti munthu alumikize yekha. Malondawo sanapite patali. Anatsala ndi mulu wa tizipangizo tosagwiritsidwa ntchito, ndiye mu 1972 anayamba kutigulitsa tokhatokha kwa anzawo okonda kusewera ndi zamagetsi, kudzera m'timalonda ta m'magazini ndi pa positi. Anadzapeza kuti anthu ankafuna kwambiri tizipangizoto kuposa chinthu chimene iwo anavutika kuchipanga.

Pamene a Mark Larson ankalowa mu 1976 kudzayendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku, kampaniyi inali ndi antchito 14 ndipo inkagulitsa katundu wa madola pafupifupi 800,000 pachaka. A Larson anakhala pulezidenti wa kampani mu 1985 ndipo anatula pansi udindowo mu 2015, malonda atadutsa kale biliyoni imodzi ya madola pachaka. Chinthu chachikulu chimene chinachitika m'zaka zawo chinali cha mu 1982, pamene kampaniyi inatembenuka n'kuyamba kulunjika mainjiniya a m'makampani m'malo modalira anthu ongosewera kunyumba. Chimene sinasiye ndi chizolowezi chimene inaphunzira kwa osewerawo: kulandira oda yaing'ono popanda kukwinya nkhope, ndi kuitumiza tsiku lomwelo.

Kuti munthu aone kuti zimenezi zinali zachilendo motani, ayenera kudziwa akuluakulu amene analipo kale pa msikawu. Avnet inayamba mu 1921 ndipo Arrow inayamba mu 1935, zonse mumzinda wa New York, m'dera la Radio Row kumene mashopu a zida za wayilesi anali atathithikana mpaka pamene anagwetsedwa m'ma 1960 kuti pamangidwe World Trade Center. Ku Britain kunali Radiospares, yomwe inayamba ku London mu 1937 ndipo lero ndi RS, komanso Farnell ya ku Leeds ya mu 1939. Arrow ndi Avnet zinakula popikulitsa katundu wambirimbiri kwa mafakitale akuluakulu ndiponso pogula makampani anzawo. Avnet inameza Farnell mu 2016, ndipo mu 2022 Arrow inagulitsa katundu wa madola oposa 30 biliyoni. DigiKey siinafikepo pamenepo, ndipo siinayesere kuthamanga mpikisano umenewo. Inakula ndi malonda ake omwe, m'tawuni yake yomweyo.

Njira yake ndi yofanana ndi ya mayi wa pa okala amene amagula chigubu cha mafuta ophikira n'kumayeza pang'onopang'ono kwa amene ali ndi ndalama ya ndiwo za lero zokha. Ukawerengera pa lita, mafuta ake ndi odula kuposa a ku holoselo, koma palibe amene angati mayiyo ndi wakuba, chifukwa iye ndiye wamangirira ndalama zake m'chigubumo, ndipo iye ndiye adzaluze mafutawo akapanda kutha. DigiKey nayo si yotchipa. Rezisita imene pa gudumu lonse mtengo wake sukwana senti imodzi, ukaigula yokha umalipira kangapo kuposa pamenepo. Injiniya amalipira osadandaula, chifukwa chimene akugula kwenikweni ndi nthawi. Sabata imodzi yodikira kachipangizo ka masenti khumi ingaimitse gulu lonse la anthu olandira malipiro okwera.

Pali mfundo ina imene opanga tizipangizo anachedwa kuimvetsa koma lero amaidziwa bwino. IC imene injiniya waiika pa bolodi yake yoyeserera ndi imene kawirikawiri idzakhale m'chinthucho chikadzayamba kupangidwa mamiliyoni. Kusintha pambuyo pake n'kodula ndipo kumafuna kuyesa zonse mwatsopano. Choncho oda ya tizipangizo tiwiri lero ingabale oda ya tizipangizo mamiliyoni awiri pakatha zaka ziwiri. N'chifukwa chake makampani monga Texas Instruments, Panasonic ndi Murata amafuna katundu wawo watsopano apezeke pa mashelefu a ogulitsa ngati amenewa akangotuluka. Masiku ano DigiKey imagulitsa katundu wa opanga oposa 2,000.

Kwa zaka zambiri chida chachikulu cha kampaniyi chinali katalogi yosindikizidwa. Inkanenepa chaka ndi chaka mpaka inadutsa masamba 2,000 a timalemba ting'onoting'ono, ndipo inkapezeka pa tebulo la injiniya aliyense, yodetsedwa ndi zala, masamba ena atapindidwa m'makona. Tsamba la pa intaneti linatsegulidwa chapakati pa zaka za m'ma 1990, nthawi imene makampani ambiri ankangoikapo adiresi ndi nambala ya foni. DigiKey inaikapo chinthu chimene ogulitsa ambiri ankabisa: chiwerengero chenicheni cha katundu amene ali pa shelefu nthawi imeneyo, ndi mtengo wake, poyera, kwa aliyense. Munthu ankatha kusefa makapasita masauzande ambiri potengera mphamvu, kukula ndi kutentha kumene angapirire mpaka atatsala ndi asanu oti asankhepo. Mainjiniya ambiri anayamba kufufuzira pamenepo ngakhale pamene sankafuna kugula kanthu. Mu 2011 kampaniyi inasiya kusindikiza katalogi ija.

Ntchito yeniyeni imachitikira m'nyumba yosungiramo katundu. Oda ikalowa, kompyuta imaitanitsa thireyi imene muli kachipangizoko, ndipo thireyiyo imayenda pa lamba mpaka kufika pa tebulo la wantchito. Iye amatulutsa gudumu, amawerenga tizipangizo tofunikato, amadula tepi, amaika kachidutswako m'kathumba. Ngati ndi IC, kathumbako kamakhala konyezimira, koteteza ku magetsi amene amakhala m'thupi ndi m'zovala, chifukwa kukhudza kamodzi kokha kungaiphe. Pakathumbapo amamatapo kapepala kolembedwa nambala ya kachipangizo, dzina la wopanga, kuchuluka kwake ndi dziko limene kachokera. Timatumba 40 ta oda imodzi, tochokera kumbali zosiyanasiyana za nyumbayo, timakumana m'katoni imodzi. Amene wachita oda isanakwane 8 koloko usiku, nthawi ya kumeneko, katundu wake amanyamuka usiku womwewo. Pabwalo la ndege laling'ono la tawuniyo pamanyamuka ndege za katundu zopita ku Memphis ndi ku Louisville, kumene kuli malikulu osankhirako maphukusi a FedEx ndi UPS, ndipo mawa lake m'mawa katoniyo imakhala ili pa khomo la injiniya ku California kapena ku Boston.

Apa ndiye pagona yankho la funso loti kampani yotere inatheka bwanji kuchipale chofewa. Katundu wake ndi wopepuka koma wodula. Katoni yokwana m'manja ingakhale ndi zinthu za madola masauzande. Katundu wotere safuna doko kapena njanji. Amafuna ndege yonyamuka pa nthawi yake usiku uliwonse, ndi anthu osaphonya powerenga. Kusunga zonse pamalo amodzi kunathandizanso, chifukwa oda imodzi siimwazikana m'maphukusi asanu ochokera m'mizinda isanu.

Mu 2017 kampaniyi inayamba kumanga nyumba yatsopano yosungiramo katundu, yomwe inatsegulidwa mu 2022. Malo a mkati mwake akaphatikizidwa amakwana mahekitala pafupifupi 20, muli malamba onyamula katundu otalika makilomita oposa 40, ndipo inadya madola pafupifupi 400 miliyoni. Boma la Minnesota linathandizapo pochepetsa misonkho kuti ntchitoyo isasamukire kwina. Tsopano m'nyumbamo mumatuluka maphukusi oposa 20,000 patsiku opita kumayiko oposa 180.

Nyumbayi inamangidwa pa nthawi yake. Kuyambira mu 2020, mliri wa COVID-19 utasokoneza mafakitale ndi maulendo, dziko linasowa ma IC. Mafakitale a magalimoto a Ford, Toyota ndi Volkswagen anaimitsa ntchito kangapo chifukwa chosowa tizipangizo tina tamtengo wa dola imodzi kapena awiri. Kwa zaka zambiri akatswiri a bizinesi ankaphunzitsa kuti katundu wogona pa shelefu ndi ndalama yakufa, ndipo kampani yanzeru imaitanitsa zinthu tsiku limene ikuzifuna. Mliri unaonetsa kuti nzeru imeneyo imagwira pokhapokha ngati pali wina, kwinakwake, amene sakuitsatira. Aliyense anathamangira kwa amene anali ndi katundu pa shelefu. Malonda a DigiKey, omwe anali madola 2.3 biliyoni mu 2017, anafika 4.7 biliyoni mu 2021.

Chimene chinailola kusunga katundu wochuluka chonchi n'chakuti kampaniyi siili pa msika wa masheya. Mpaka lero ndi ya mwini wake. Bwana wa kampani ya pa msika wa masheya amafunsidwa miyezi itatu iliyonse chifukwa chimene ndalama zagonera m'mashelefu, ndipo yankho loti mwina wina adzafuna kachipangizoko chaka chamawa silikhutiritsa ogula masheya. Mnzake wamkulu pa malonda a oda zazing'ono, Mouser, ali ndi mwayi wofananako. Kampani imeneyo inayambitsidwa mu 1964 ndi a Jerry Mouser, mphunzitsi wa sayansi ku California amene ankasowa tizipangizo ta ophunzira ake. Inasamukira ku Mansfield, m'chigawo cha Texas, inagulidwa ndi kampani ya TTI mu 2000, ndipo kuyambira mu 2007 ili m'manja mwa Berkshire Hathaway ya a Warren Buffett, omwe amadziwika ndi kusapupuluma. Si mwangozi kuti makampani awiri amene amatsogola pa malonda amenewa onse ali ndi eni odekha.

Chinanso chimene wogula amalipirira ndi chitsimikizo chakuti katunduyo ndi weniweni. Msika wa tizipangizo uli ndi zafeki zambiri. Pali anthu amene amazula ma IC pa mabolodi akale, n'kuwapala pamwamba, n'kulembapo nambala yatsopano. Mu 2012 komiti yoona za asilikali ya nyumba ya Senate ku America inatulutsa lipoti limene linapeza nkhani pafupifupi 1,800 zokhudza tizipangizo tokayikitsa toposa miliyoni imodzi tomwe tinalowa m'zida za asilikali, kuphatikizapo ndege. Ngati asilikali a America angapusitsidwe, nanga wokonza makina a m'chipatala chaching'ono? Wogulitsa wovomerezeka amagula kwa wopanga mwachindunji ndipo amasunga mbiri ya gudumu lililonse. Ntchito imeneyi siioneka ndi maso, ndipo n'chifukwa chake anthu amaiderera mpaka tsiku limene chinthu chapsa.

Si zonse zimene zili zokoma. Kampani ya antchito masauzande angapo m'tawuni ya anthu osakwana 9,000 ndi katundu wolemera kwa tawuniyo. Anthu ogwira ntchito sakwanira, moti ambiri amayenda mtunda wautali tsiku lililonse kuchokera m'matawuni oyandikana nawo, ndipo nyumba zogona ndi malo osiyako ana zakhala zikuperewera. Anthu a ku Thief River Falls amadziwanso kuopsa kodalira bwana mmodzi. Tawuniyo inkadziwika ndi fakitale ya Arctic Cat, yopanga njinga zamoto zoyenda pa chipale, ndipo kampani imene inali mwini wake inagwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anthu n'kuchotsedwa ntchito, mpaka ena mwa antchito akale anadzaidzutsanso. Malonda a tizipangizo nawo amakwera ndi kutsika. Kusowa kwa ma IC kutatha, makasitomala amene anaunjika katundu chifukwa cha mantha anasiya kugula, ndipo mu 2023 malonda anatsika kwa ogulitsa ambiri.

Palinso nkhani ya misonkho. Kuyambira mu 2018 boma la America lakhala likuika msonkho wowonjezera pa katundu wochokera ku China, ndipo msonkho wa ma IC a kumeneko unakwera kufika pa 50 peresenti mu Januwale 2025. Kwa kampani imene nzeru yake yonse ndi kubweretsa katundu wa dziko lonse pamalo amodzi m'America n'kumutumizanso kunja, zimenezi zikubaya pamtima penipeni. DigiKey imadziteteza pogwiritsa ntchito chilolezo chimene chimalola mbali ina ya nyumba yake yosungiramo katundu kuonedwa ngati ili kunja kwa malire, kotero kuti katundu wongodutsa salipira msonkho. Komabe wogula wa ku Europe kapena ku Asia ali ndi kwina koti apite. Ku Shenzhen kuli LCSC, yomwe imagulitsanso kamodzikamodzi pa intaneti ndipo mitengo yake ndi yotsika kwambiri. Andale amene amati akuteteza ntchito za anthu a m'matawuni aang'ono akanayenera kuyang'ana kaye tawuni imeneyi asanasaine malamulo a misonkho yotere.

Nkhaniyi ikukhudza Malawi pamalo amodzi, ndipo ndi pamalo powawa. Wokonza mafoni ndi ma TV mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe amakhala ndi katoni ya mabolodi akufa pansi pa benchi yake. Kasitomala akabwera ndi TV yosayaka, mmisiriyo amayeza ndi mita, amapeza kapasita yotupa, kenako amafukula m'katonimo kufunafuna yofanana nayo, n'kuisungunula pa bolodi yakaleyo, n'kuiwotcherera pa yatsopano. Ikapezeka, zayenda. Ikapanda kupezeka, TV yonse imagona pa shelefu miyezi chifukwa cha kanthu ka mtengo wa sopo. A William Kamkwamba anamanga makina awo opanga magetsi ndi mphepo ku Wimbe, m'boma la Kasungu, ali ndi zaka 14, pogwiritsa ntchito zida za njinga, fani ya thirakitala ndi mitengo ya bulugamu. Dziko linaombera m'manja luso lawolo, ndipo linayenera kutero. Koma kusakasaka zida m'dzala si chinthu chonyadira kuti chipitirire. Ndi chizindikiro chakuti shelefu kulibe.

Papepala, wophunzira uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST angathe kuchita oda kuchokera ku Minnesota monga mnzake wa ku Berlin. Zenizeni n'zakuti mtengo wotumizira kaphukusi kakang'ono umaposa kutali mtengo wa zimene zili m'katimo, ndalama zakunja n'zosowa, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ambiri amadalira wachibale kapena mnzawo wochokera ku Johannesburg, kumene RS ili ndi nthambi, kuti awanyamulire m'chikwama.

Palibe amene akunena kuti Malawi amange nyumba ya mahekitala 20. A Stordahl anayamba ndi tizipangizo totsala chabe. Chimene chikufunika ndi wamalonda mmodzi kapena awiri amene angasunge mitundu mazana angapo ya tizipangizo tofunidwa kwambiri ndi amisiri a ma TV, a mainiveta a sola ndi a makina a m'zipatala, togulidwa kwa ogulitsa ovomerezeka, n'kulemba poyera pa intaneti kapena pa WhatsApp chimene chilipo ndi mtengo wake, n'kutumiza pa basi ya usiku ku Mzuzu kapena ku Mangochi. Masukulu a uinjiniya angamupatse msika woyamba poika maoda awo pamodzi kumayambiriro kwa chaka. Mabanki ndi a misonkho nawo ali ndi mbali yawo, chifukwa dola imene yagula kapasita yokonzera iniveta imapulumutsa madola ambiri amene akanagula iniveta yatsopano, ndipo pempho la wamalonda wotereyu siliyenera kudikira pa mzere umodzi ndi la woitanitsa zinthu zomalizidwa kale.